Land Cruiser, Patrol, Tahoe, Expedition kapena Range Rover yoyendapo: iliyonse ili ndi matenda ake, inu mungapirire ati?

Magalimoto akuluakulu aja, ambiri mwa iwo a mipando isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, omwe amatchedwa kuti SUV, amatsika mtengo msanga akangoyenda zaka zingapo. Chomwe sichitsika ndi mtengo wowakonzetsa. Galimoto yomwe inali ya anthu olemera ili yatsopano imafunabe masipeya a anthu olemera ikakwanitsa zaka 15, ndipo matayala ake, mabuleki ake ndi oyilo wake sadziwa kuti inu mwaigula motchipa. N'chifukwa chake funso loti "yabwino ndi iti?" ine silindigwira mtima. Palibe yomwe ilibe vuto. Iliyonse ili ndi matenda a kumtundu, odziwika bwino kwa amakaniko, ndipo pogula mumangosankha pakati pa matendawo. Ena amaoneka musanapereke ndalama, ena amabisala. Ena amatha ndi ndalama ya mwezi umodzi, ena amafuna injini ina.

Ipezeni itagona

Tisanalowe m'mayina, pali chinthu chimodzi chokhudza magalimoto onsewa. Muuzeni wogulitsa kuti mukufuna kuipeza galimotoyo itagona usiku wonse osalizidwa, ndipo mukafika, moni asanatalike, gwirani boneti. Ndinapitapo kukaona galimoto ina m'mamawa n'kupeza boneti ili yofunda, mwiniwake akuti amangoisuntha kuti ndidzaione powala. Nditabwererako tsiku lina mosamudziwitsa, injini itangolira inagogoda masekondi atatu ngati munthu akumenya chitini, kenako zii, n'kumalira bwinobwino ngati palibe chachitika.

Masekondi amenewo ndi amene mwayendera ulendo wonsewo. Galimoto ikagona, oyilo amatsikira pansi, ndipo injini ikalira pamapita kanthawi pampu isanamukwezenso. Pa kanthawi kameneka tcheni cha timing (chogwirizanitsa kayendedwe ka mavavu ndi mapisitoni) chomwe chatanuka, ma phaser (tizipangizo tosintha nthawi yotsegulira mavavu) otha ndi ma lifter (tizitsulo tokankha mavavu) ofooka zimadziulula. Manifold ya utsi (chitsulo chosonkhanitsa utsi wotuluka m'masilinda) yong'ambika imalira kuti tche tche tche mpaka chitsulo chitatentha n'kutseka mng'aluwo. Galimoto yoyenda pa matumba a mphepo m'malo mwa masipuling'i imakhala itagwada ngodya imodzi ngati thumba likutaya. Zonsezi zimasowa injini ikangolira mphindi zisanu, ndipo wogulitsa wochenjera amadziwa zimenezi kuposa inu.

Toyota: dzina limagulitsa, dzina lomwelo limabisa

Land Cruiser 100 inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2007, ndipo 200 inatenga malo ake mpaka 2021. Abale ake ndi Lexus LX470 ndi LX570, komanso Sequoia, yomwe m'badwo wake wachiwiri unayamba mu 2008. Mbiri ya kulimba kwake si yabodza. Koma mbiri yomweyo imabweretsa mavuto awiri kwa wogula. Loyamba, mumalipira dzina: Land Cruiser ya zaka 12 ikhoza kudula kuposa galimoto ina ya gulu lomweli ya zaka zisanu. Lachiwiri ndi loti eni ake ambiri amakhulupirira kuti galimotoyi siifa, choncho amadumpha sevisi, ndipo iyo imapirira mwakachetechete mpaka itafika m'manja mwanu.

Pa 100, funso loyamba ndi la lamba wa timing. Injini ya petulo ya malita 4.7, 2UZ-FE, ndi ya dizilo ya malita 4.2, 1HD-FTE, zonse zimayendera lamba osati tcheni, ndipo amayenera kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 150,000. Funani kapepala komatidwa pa injini kapena lisiti. Ngati palibe, werengani kuti lambayo sanasinthidwe, ndipo ndalama yake ichoke pa mtengo. Sitata ya 2UZ-FE inayikidwa pakati pa injini, pansi pa manifold yolowetsa mpweya, ndiye ngati ikuchita kakasi polira, dziwani kuti ntchito yake si ya mphindi makumi atatu.

Pa 200 ndi LX570 yambirani pa radiyeta. Pamwamba pake, pa pulasitiki pomwe panadindidwa nambala, pamakonda kuyamba kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi. Mukaunika ndi tochi mumakaona. Ili ndi vuto laling'ono kwa amene waliona msanga, koma kwa amene sanalione, radiyeta imaphulika ali pa ulendo, injini n'kuwira. Madzi a radiyeta a Toyota ndi apinki, ndipo akadontha n'kuuma amasiya zoyanga zapinki. Zifuneni mozungulira pampu ya madzi, komanso kumbuyo kwa injini pomwe imakumana ndi giyabokosi, chifukwa pa injini ya malita 5.7, 3UR-FE, madzi amatha kuchucha kuchokera pa chitsekero cha pakati pa mizere iwiri ya masilinda n'kutsetserekera kumbuyoko. Injini yomweyi imathanso kuchucha oyilo pa cam tower, chimango chogwira camshaft (mtanda wotsegula mavavu) pamwamba pa injini. Chomata chake n'chotchipa, koma kuti makaniko afike pamenepo amayenera kumasula kutsogolo konse kwa injini, ndipo mtengo uli m'maola amenewo.

Injini ya dizilo ya 200, 1VD-FTV ya malita 4.5 yokhala ndi ma turbo awiri, ndi imene ambiri amaisirira, ndipo ndi imene ine ndingaifufuze nthawi yaitali kuposa zonse. Masulani paipi ya mpweya kuseri kwa fyuluta, mupisemo chala. Chikatuluka ndi fumbi, ndiye kuti fumbi lakhala likudutsa n'kulowa m'ma turbo ndi m'masilinda, ndipo palibe sevisi yomwe ingabweze zomwe ladya. Alternator yake ili m'munsi, momwe matope ndi madzi zimafika mosavuta. Ma injector, opopera mafuta m'masilinda, ndi asanu ndi atatu, ndipo akatha mumagula asanu ndi atatu. Pa makina oyezera, omwe amalumikizidwa ku kompyuta ya galimoto, makaniko akhoza kuona mmene kompyuta ikukonzera mafuta a injector iliyonse, ndipo manambala amenewo amanena zoona kuposa mwini galimoto.

Ma Lexus ndi ma Land Cruiser ena ali ndi AHC, njira yokweza ndi kutsitsa galimoto ndi mafuta opopedwa. Isuntheni pa misinkhu yonse itatu. Ikamakwera mozengereza, kapena ikamadumphadumpha pamsewu ngati ngolo, mipira yake ya gasi yatha mphamvu. Pa Sequoia yakale, chotsani maso pa utoto, mugwade. Mu 2016 Toyota inavomera mgwirizano wa ndalama zokwana madola pafupifupi 3.4 biliyoni ku United States pa mlandu wa ma chassis ochita dzimbiri, ndipo Sequoia za 2005 mpaka 2008 zinali m'gululo pamodzi ndi mapikapu a Tacoma ndi Tundra.

Chabwino cha banja limeneli n'choti matenda ake ambiri amaoneka ndi tochi, chala ndi makina oyezera, ndipo amabwera pang'onopang'ono.

Nissan: dzina limodzi, magalimoto osiyana

Patrol Y62 inayamba mu 2010, ndipo Armada ya 2017 mpaka 2024 ndi Infiniti QX80 ya mpaka 2024 ndi galimoto yomweyo yovala zovala zina. Ya dizilo kulibe. Injini yake yotchuka ndi V8 ya petulo ya malita 5.6, yamphamvu ndiponso yolira mokoma, ndipo thanki ya malita 140 ya Patrol sanaiyike mwangozi. Imakonda kutsika mtengo kuposa Land Cruiser ya zaka zofanana, ndipo kusiyanako mumakubweza pang'onopang'ono pothira mafuta. Amene amayenda pang'ono pachaka amapindula. Amene amakhala pamsewu tsiku ndi tsiku awerengere kaye.

Pa za zaka zoyambirira, mverani tcheni cha timing. Chikayamba kutha chimalira mluzu kapena kukwecha kutsogolo kwa injini, ndipo phokosolo limakwera limodzi ndi moto wa injini. Infiniti inayitanitsa ku galaja QX56 (dzina lakale la QX80) za 2011 mpaka 2013 kuti zikasinthidwe matcheni, choncho funsani ngati ntchitoyo inachitika. Zina zili ndi HBMC, mashoko olumikizidwa ndi mapaipi a mafuta kuti galimoto isapendame pokhota. Imagwira bwino kwambiri, koma yang'anani ngati mashokowo ndi mapaipi ake ali onyowa, chifukwa si shoko yomwe mungangogula paliponse n'kubwezeretsa.

Patrol Y61 ndi nkhani ina. Ya injini ya TD42 ya dizilo ndi chitsulo chachikale, chochedwa koma chouma mutu. Ya ZD30 ya malita 3.0 ya zaka zoyambirira za m'ma 2000 inatchuka ndi kuboola mapisitoni, moti ku Australia anaipatsa dzina la bomba la m'manja. Galimoto ziwirizi kunja n'zofanana, ndiye werengani nambala ya injini, musangomva zoti "ndi Patrol ya dizilo". Armada yoyamba, ya 2004 mpaka 2015, siyochokera ku Patrol konse, ndi m'bale wa pikapu ya Titan, ndipo vuto lake lodziwika ndi manifold ya utsi yong'ambika. Popeza manifold imeneyo inawotcheredwa kumodzi ndi catalytic converter, chosefa utsi, mumagula zonse ziwiri.

Tahoe, Suburban ndi Yukon: injini yosavuta yokhala ndi chinthu chimodzi chovuta

Magalimoto a General Motors (GM) amenewa, pamodzi ndi Cadillac Escalade, amagwiritsa ntchito injini zomwezo za mapikapu a Silverado ndi Sierra. V8 ya malita 5.3 ndi yachikale m'kapangidwe, camshaft imodzi pakati, malo ogwirira ntchito ambiri, ndipo komwe magalimotowa ali ochuluka masipeya ake savuta. Suburban, pa malo a anthu ndi katundu, palibe woiposa m'gulu lonseli.

Koma kuyambira 2007 anawonjezera AFM. Galimoto ikamayenda mopepuka, kompyuta imazimitsa masilinda anayi mwa asanu ndi atatu kuti mafuta asathe msanga. Imachita izi kudzera m'ma lifter apadera omwe amakomoka ndi kudzuka molamulidwa ndi oyilo. Tsiku lina lifter imodzi imakomoka osadzukanso, kapena imakakamira. Mumamva kugogoda kosalekeza pamwamba pa injini, injini imayamba kudumpha moto pa silinda imodzi, nyali ya injini n'kuyaka. Mukapitiriza kuyenda, lifter ija imakanda camshaft, zitsulo n'kulowa mu oyilo. Kuti aisinthe amachotsa mutu wa injini. Za 2007 mpaka cha m'ma 2013 zimadziwikanso ndi kumwa oyilo. Kuyambira 2021 magalimotowa ali ndi DFM, yomwe ikhoza kuzimitsa silinda iliyonse, kutanthauza kuti ma lifter apadera aja tsopano ndi onse 16.

Chondidetsa nkhawa pa matenda amenewa n'choti sachenjeza nthawi zonse. Injini ikhoza kulira mwakachetechete tsiku logula, lifter n'kufa mwezi wotsatira. Chomwe mungachite ndi kuchepetsa mwayi wa tsoka. Funani umboni woti oyilo ankasinthidwa pa nthawi yake ndiponso anali wa mtundu woyenera. Tsegulani chitsekero cha oyilo muone ngati mulibe phala lakuda. Pa dashibodi, fufuzani maola a injini, chifukwa magalimoto ambiri amenewa amawasonyeza. Tahoe yomwe inali ya apolisi kapena ya kampani ikhoza kukhala ndi makilomita ochepa koma maola ambirimbiri olira itaima, ndipo injini imakalamba ndi maola, osati mtunda wokha. Ngati mwiniwake ali ndi lisiti yoti ma lifter ndi camshaft zinasinthidwa kale, musathawe. Kwa ine imeneyo ndi nkhani yabwino.

Giyabokosi nayo iyeseni mofatsa. Yendani pa liwiro la pakati, phazi lili pang'ono chabe pa moto, mumve ngati galimoto ikunjenjemera ngati mwaponda tizigoba ta mumsewu pomwe msewu uli wosalala. Kunjenjemera kumeneku kumachokera ku torque converter, cholumikiza injini ndi giyabokosi. Kunatchuka pa giyabokosi ya magiya asanu ndi atatu, 8L90, moti GM inalangiza kusintha mafuta ake ndi mtundu wina, ndipo kumachitikanso pa ya magiya asanu ndi limodzi, 6L80, komwe converter ikanyenyeka imamwaza zitsulo m'giyabokosi yonse. Zina n'zazing'ono koma zotopetsa: dashibodi yong'ambika pa za 2007 mpaka 2014, condenser ya AC yotaya gasi pa za 2015 kupita m'tsogolo, ndi mashoko a Magnetic Ride omwe akachucha amadula kangapo kuposa wamba.

Pali zoyitanitsa ziwiri zofunika kuzidziwa. Mu 2019 GM inayitanitsa magalimoto oposa 3.4 miliyoni chifukwa cha pampu yothandizira mabuleki yomwe imafooka, buleki n'kuuma, ndipo Tahoe, Suburban ndi Yukon za 2015 mpaka 2018 zinalimo. Mu 2025 inayitanitsanso pafupifupi 600,000 ku United States, a injini ya malita 6.2 a 2021 mpaka 2024, chifukwa cha zolakwika pa crankshaft (mtanda waukulu womwe mapisitoni amazungulitsa) ndi ma connecting rod (zitsulo zoulumikiza ku mapisitoni) zomwe zikhoza kuphetsa injini galimoto ili pa liwiro. Ya 6.2 ya zaka zimenezo ndingaigule pokhapokha nditaona pepala losonyeza kuti inapimidwa kapena inapatsidwa injini ina.

Ford Expedition: yomasuka mkati, yosakhululuka pa oyilo

Expedition inalandira mawilo akumbuyo oyenda paokhapaokha kale mu 2003, pomwe Tahoe inadikira mpaka 2021. N'chifukwa chake mzere wake wachitatu umakwana munthu wamkulu osapinda mawondo kufika pachibwano. Ngati mumanyamuladi anthu asanu ndi awiri, osati ana okha, ichi si chinthu chaching'ono.

Za 2005 mpaka 2014 zili ndi V8 ya malita 5.4 ya mavavu atatu pa silinda. Apa lamulo la injini yozizira lija limafuna kuwonjezera: ma phaser a injini imeneyi amamveka bwino ikatentha. Mukabwera koyesa, isiyeni ilire pafupi ndi khoma, zenera lili lotsegula. Injini ya petulo ikamalira ngati ya dizilo, ma phaser atha, ndipo kawirikawiri amapita limodzi ndi matcheni ndi zowakunga. Za zaka zoyambirira mpaka cha mu 2008 zinali ndi mapulagi a zigawo ziwiri omwe amathyokera mkati mwa mutu wa injini powamasula, moti panachita kupangidwa chida chapadera chozulira zotsalirazo. Funsani kuti mapulagi anasinthidwa liti, ndipo ngati yankho ndi loti sanasinthidwepo, dziwani kuti ntchitoyo yasiyidwira inu mwadala.

Kuyambira 2015 Ford inasiya V8 n'kuyika V6 ya malita 3.5 ya ma turbo awiri, EcoBoost. Imakoka kuposa V8 yakaleyo, koma ndi injini yogwira ntchito yolemetsa pa kukula kwake, ndipo oyilo wochedwa kusinthidwa imamulipiritsa pa tcheni ndi ma turbo. Za 2018 mpaka 2020 zimadziwika ndi ma phaser ogogoda polira m'mamawa, kugogoda kwa chitini kuja. Giyabokosi ya magiya khumi, 10R80, iyeseni mumsewu wa imaima, chifukwa ndi pa magiya apansi pomwe imagunda kapena kuzengereza. Thupi la 2018 kupita m'tsogolo ndi la aluminiyamu ndipo siligwira dzimbiri lofiira, koma chassis ndi yachitsulo ngati kale, ndipo aluminiyamu ikaphwanyika si aliyense wowongola magalimoto angaikonze. Za 2021 zina zinayitanitsidwa mu 2022 chifukwa cha moto woyambira mu boneti, eni ake n'kulangizidwa kuziimika panja kutali ndi nyumba. Nambala ya galimoto idzakuuzani ngati yanu ili m'gululo.

Magalimoto a ku America onsewa, ngakhalenso Sequoia ndi Armada, anapangidwa ndi chiwongolero kumanzere. Ngati kwanu magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu, fufuzani malamulo olowetsera ndi kulembetsa musanakopeke ndi mtengo. Yomwe inasinthidwa chiwongolero ndi anthu ena ifunika kuiona kawiri pa mawaya ndi pa zitsulo za chiwongolerocho.

Range Rover ndi Mercedes GL

Izi ndi zimene zimatsika mtengo kwambiri, ndipo ndi zimene zimakopa kwambiri. Mukakhala mkati mwa Range Rover ya L322 kapena L405 (m'badwo wachitatu kapena wachinayi), magalimoto ena onse aja amaoneka ngati a ntchito za kumunda. Apa ndi pomwe chikomekome cha mkuyu chimagwira anthu.

Zonse ziwiri zimayenda pa matumba a mphepo. Matumba ndi mphira, ndipo mphira umakalamba ndi zaka ngakhale galimoto isakuyenda. Thumba likayamba kutaya, kompuresa imagwira ntchito mosapuma mpaka kupsa, ndiye vuto limodzi limabala lachiwiri. Pa Range Rover ya petulo ya malita 5.0, makamaka ya zaka zoyambirira kuchokera 2010, zokunga tcheni cha timing zimatha msanga, ndipo mapaipi a madzi apulasitiki amauma n'kusweka. Injini ya aluminiyamu ikawira kamodzi kokha ikhoza kutha. Ya dizilo ya V6 ya malita 3.0, yomwe ilinso mu Discovery 4, ili ndi mbiri yothyola crankshaft, ndipo limeneli ndi vuto lomwe tochi kapena makina oyezera sangakuonetseni. Pa Mercedes GL ya dizilo, injini ya OM642, zomatira za choziziritsa oyilo zimachucha. Zomatirazo n'zotchipa, koma zili pansi penipeni pakati pa injini, pansi pa turbo ndi manifold. Oyilo wotsetsereka kumbuyo kwa injini ndiye chizindikiro chake.

Sindikunena kuti musagule. Ndikunena kuti awa si magalimoto ogula ndi ndalama yomaliza, ndiponso si ogula ngati kufupi ndi kwanu kulibe makaniko wokhala ndi makina owerenga kompyuta za mtundu umenewu.

Pansi pa galimoto dzina siligwira ntchito

Magalimoto amenewa amalemera pafupifupi matani awiri ndi theka kapena kuposa, ndipo ambiri anagulidwa kuti azikoka. Yang'anani chokokera kumbuyo. Bowo lake likakhala lopalika ndi lonyezimira mkati, galimotoyo yakoka ngolo zolemera, ndipo giyabokosi ndi difu ndi zimene zinasenza. Kukoka pakokha si mlandu, koma pamenepo mafuta a giyabokosi ayenera kukhala ndi lisiti yawo. Mafuta akuda onunkha chopsa ndi chifukwa chokwanira chobwerera.

Ikwezeni pa chokwezera, kapena gonani pansi ndi tochi ndi sikuludilaiva. Dzimbiri la pamwamba, lofiirira chabe, si kanthu. Loopsa ndi lomwe likufundula zigamba, makamaka pa chassis chakumbuyo pafupi ndi thanki ndi pomwe thupi limamangidwira. Galimoto yochokera ku mayiko omwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, kapena yomwe inkatsitsa boti m'nyanja ya mchere, imadyeka kuchokera mkati. Chassis ya galimoto ya zaka 12 ikakhala yakuda bii ndi utoto watsopano, funsani chomwe utotowo ukuphimba. Mukadali pansipo, tsatirani mapaipi a AC opita kumbuyo, omwe amaboola ndi dzimbiri, ndipo pemphani makaniko amasule bawuti ya difu. Mafuta otuwa ngati mkaka akusonyeza kuti galimoto inawoloka madzi akuya ndipo madziwo analowa.

Yesani 4WD, njira yoyendetsa mawilo onse anayi, ndipo muyese zonse. Ambiri mwa magalimotowa atha moyo wawo wonse pa tala, giya yapansi osalowetsedwapo, ndipo timamota tolowetsa timauma chifukwa chosagwira ntchito. Imani, ikani pa N, lowetsani 4L (giya yapansi ija), yendani pang'ono pa dothi, tulutsani. Nyali ikamangophethira osakhazikika, china chake chakakamira. Pa magalimoto oyendera mawilo onse anayi nthawi zonse, monga Land Cruiser ndi Range Rover, matayala anayi ayenera kukhala a saizi imodzi ndi kutha kofanana. Zaka za tayala zili pambali pake, manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Matayala anayi a mainchesi 20 kapena 22 ndi ndalama yoti iyenera kulowa m'zokambirana za mtengo.

Kampeti ya kutsogolo ndi ya pansi pa mzere wachitatu igwireni ndi dzanja. Chinyezi chimachokera ku timapaipi ta denga lotsegula totsekeka, kapena ku madzi osefukira, ndipo pansi pa kampeti ndi pomwe pamadutsa mawaya. Onetsetsaninso ngati mita ikuwerenga mamailosi kapena makilomita: mamailosi 100,000 ndi makilomita 160,000, ndipo anthu amapusitsika ndi zimenezi kawirikawiri kuposa mmene mungaganizire.

Pa makina oyezera a OBD2, aja owerenga kompyuta ya galimoto, musangokhutira ndi zoti palibe cholakwa chomwe chalembedwa. Onani ma readiness monitor, mayeso omwe kompyuta ya galimoto imadziyesa yokha ikamayenda. Ambiri akakhala kuti sanamalize kudziyesa, ndiye kuti wina wafufuta zolakwa posachedwa, kapena wachotsa batire, ndipo nyali ya injini idzabwerera mukayenda masiku angapo. Nambala ya VIN, yozindikiritsa galimoto, ya zilembo ndi manambala 17, ifanane pa galasi lakutsogolo, pa chitseko, pa chassis ndi pa mapepala. Pa magalimoto a msika wa ku United States, nambala yomweyo mukailowetsa pa tsamba la intaneti la NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha magalimoto kumeneko, imasonyeza zoyitanitsa zomwe sizinakonzedwe.

Ndiye iti?

Ngati galimotoyo idzayenda kutali ndi magalaja, m'misewu yoipa, ndipo mukufuna kudzaigulitsa isanataye mtengo, Land Cruiser ndi yovuta kuitsutsa, bola mulipire mkhalidwe wake osati dzina lokha. Ngati mukufuna mphamvu ndi kulimba kofananako pa ndalama yocheperapo, ndipo simuyenda mtunda wautali pachaka, Patrol Y62 ya zaka za pambuyo pa vuto la tcheni ndi imene ndingailoze. Wonyamula banja lalikulu ndi katundu pa tala, komwe masipeya a ku America amapezeka, asankhe pakati pa Suburban ndi Expedition, ndipo pa ziwirizi ine ndimapendekera ku Expedition, pa chifukwa chimodzi: phaser imachenjeza ndi phokoso miyezi ingapo isanawononge china, pomwe lifter ikhoza kungofa. Range Rover ndi ya munthu yemwe ali ndi galimoto ina yoyendera pamene iyi ili ku galaja.

Koma zikafika pa magalimoto awiri enieni oimikidwa pamodzi, mndandanda umenewu umatha kutembenuka. Land Cruiser 200 ya dizilo yopanda pepala lililonse la sevisi, fumbi lili m'paipi ya mpweya ndi chassis chopakidwa utoto dzulo, ndingaisiye. Expedition ya 2019 yokhala ndi malisiti a oyilo otsatizana, ndi lina losonyeza kuti ma phaser anasinthidwa, ndingabwerenso m'mawa mwake 6 koloko kudzaimva ikulira yozizira, ndipo ikalira mwakachetechete ndingayambe kukambirana za matayala.